Pitani ku San Diego asisi, Vegas muisiye kaye

Asisi mwati inu ndi abambo akunyumba mukufuna kokapuma weekend imodzi pokondwerera zaka 10 za banja, kumene mungakaoneko burlesque (gule wa pa siteji wovula zovala pang'onopang'ono) komanso ma bala a tiki aja okongoletsedwa ngati kuzilumba za ku Pacific mumawaona pa Instagram, ndiye mutu waima pakati pa Las Vegas ndi San Diego. Ine ndikuti San Diego, ndipo mupite nthawi ya Tiki Oasis, chikondwerero cha okonda za tiki chomwe chimachitika mu Ogasiti chaka ndi chaka.

Vegas ndi yabwino ndithu, kuli Frankie's Tiki Room yomwe inatsegulidwa mu 2008 komanso Golden Tiki ku Chinatown, koma zinthu zake zili patalipatali moti weekend yonse muthera mu Uber, kuonjezera apo mu Ogasiti kumatentha kupitirira madigiri 40, kuposa ku Nsanje mu Okutobala. Pomwe Tiki Oasis zonse zili pa hotela imodzi, Town and Country ku Mission Valley, mukangotsika kuchipinda mwafika kale. Anayambitsa ndi Otto von Stroheim ndi akazi awo Baby Doe mu 2001 ku Palm Springs, kenako anthu atachuluka anasamukira ku San Diego mu 2006, ndipo mayiyo ndi wovina yemwe wakhala akukonza ma show a burlesque kwa zaka zambiri, nchifukwa chake zinthu ziwirizi kumeneko zimayendera limodzi. Masana kumakhala msika wa zovala ndi makapu, ma seminar a rum ndi zojambula, madzulo ma band pafupi ndi pool, burlesque imabwera usiku kwambiri ndipo ndi ya akuluakulu okha. Chipinda mubukiretu msanga chifukwa zimatha miyezi isanakwane, chikakusowani pezani hotela ina pafupi ndi trolley (sitima ya mtauni) ya Green Line muzitsikira pa Fashion Valley.

Mwatinso abambo akukayikira poti akuganiza kuti ndi za kumalo ovula aja. Auzeni kuti mtima ukhale pansi koma musawanamize, kuvula kulipo. Kungoti ndi gule wa pa siteji, munthu amalowa atavala chovala chomwe wasoka yekha miyezi, nthenga zikuluzikulu, magolovesi ofika mchigongono, amatha theka la nyimbo akungovula golovesi imodzi anthu akufa nacho chiseko ndi mmanja, pomaliza amatsala ndi tophimba pa mabere ndi kabudula wamkati, basi nyimbo yatha. Chomwe chinandigwira mtima ine ulendo woyamba nchakuti ovina ake ndi a matupi onse, onenepa, oonda, akuda, azimayi a msinkhu wa amayi anga, ndipo ofuula kwambiri mu holo ndi azimayi anzathu. Musakhale duu ngati muli pamaliro, iwo amafuna phokoso, ine ndinayimba nthungululu ndipo oyandikana nawo anasangalala zedi. Koma osagwira munthu, osajambula asanalole, ndipo mutenge ma dollar apamanja a tip.

Za mowa ndikuchenjezeni ngati mchemwali wanu. Zakumwa za tiki zimatsekemera ngati Sobo koma mkati muli rum wamitundu iwiri itatu, wa nzimbe weniweni, umabwera mochedwa ngati kachasu. Donn Beach, yemwe anayambitsa zonsezi ndi bala yake ku Hollywood mzaka za mma 1930, chakumwa chake cha Zombie ankaletsa kupitirira ziwiri pa munthu. Yambani ndi Mai Tai ya 1944 ija ya Trader Vic, mwini bala wina wa tiki, rum, ndimu, curaçao (mowa wa malalanje) ndi manyuchi a almond, idyani kaye ndipo madzi asachoke mmanja. ID osaiwala, ku ma bala pansi pa zaka 21 salowetsa ndipo amafunsa ngakhale a imvi.

Pali chimodzi chomwe chimandivuta mumtima ndipo ndibwino muchidziwe musanapite. Tiki ya mma bala anaipeka ndi azungu a ku California, si chikhalidwe cha eni zilumba ayi. Kwa a Maori a ku New Zealand Tiki ndi munthu woyamba, ndipo zosema zija kwa anthu a ku Hawaii nzokhudza milungu yawo. Tangoganizani mutapeza nkhope ya Chadzunda aisandutsa kapu yomweramo mowa ku bala, ife Achewa zingatiwawe bwanji. Ndiye ine ndimapita, ndimasangalala, koma kapu ndimagula ya chinanazi kapena ya nsomba, ndipo zovala ndimavala diresi yamaluwa osati kudzipanga ngati mbadwa ya kuzilumba. Chitenje chanu chowala chija chikwanira bwino kwambiri, anthu akufunsani komwe munachigula.

Mukafuna kutuluka pa hotela Lachisanu madzulo pitani ku False Idol ku Little Italy, ndi kabala kobisika mkati mwa lesitilanti ya Craft & Commerce, koma bukiranitu malo poti nkochepa. Lamulungu musanakwere ndege mukadye ku Bali Hai pa Shelter Island, yakhalapo kuyambira 1954, mupemphe tebulo la pawindo muziona madzi ndi tauni yonse. Mai Tai yawo sathiramo juwisi ngakhale dontho, imodzi mugawane awiri.