Mafunde amenewo ndi ochokera kutali, achimwene

Achimwene, mwandifunsa za mafunde amene amafika pagombe kunja kulibe mphepo, poti mukufuna kugula boti la usodzi. Asakunamizeni kuti ndi za matsenga. Mafunde ofika pagombe kopanda mphepowo amabadwira kutali. Nyanja yathu ya Malawiyi ndi yaitali kupitirira makilomita 500, ndiye mpoto ukawomba cha ku Likoma ndi Nkhata Bay, mphepo imatha kuthera panjira koma funde limangobwerabe mpaka kuno ku Msaka ndi ku Chembe. Mwera ndiye bola, umabwera poyera nthawi yozizira, aliyense amauona.

Ine mafundewa anandipeza ndili mlovi, kugwira ntchito m'boti la eni, pa chilimira, ukonde waukulu uja wophera usipa. Tinkabwerera mbandakucha, usipa uli tho m'boti, kumwamba kuli mbee, ngakhale kamphepo ayi. Tinangomva boti likukwera pang'onopang'ono, kenako kutsika mpaka m'mimba kuzizira. Si mafunde afupiafupi a thovu aja ayi, awa ndi aatali, osalala, obwera motalikirana. Pofika posaya anadzuka, limodzi linatimenya cham'mbali, madzi khuthu m'boti, injini zii. Tinayamba kutaya usipa ndi manja, wina akukapa madzi ndi chigubu chodula, mnyamata wa nyali akungoitana mayi ake. Lotsatira linatigubuduza. Ndinakumbatira chigubu cha petulo, ukonde utandikola mwendo ukundikokera pansi, mkamwa muli mafuta okhaokha. Akanapanda anzathu a bwato amene anamva kukuwa, bwenzi lero wina akukuyankhani.

Mwini boti uja, Mulungu amuone. Usiku womwewo akuluakulu a pagombe anamuuza kuti madzi akupuma moipa, iye amvekere "mphepo ili kuti? Ulesi basi." Malaifi jaketi analibe ndi imodzi yomwe. Titafika kumtunda tikunjenjemera, funso lake loyamba linali la injini! Kenako nkumatidula ndalama ati tinamiza dala. Munthu woti sanagwirepo nkhafi.

Nditapita ku Joni ndi pomwe ndinamvetsa. Ku Cape Town mafunde oopsa amafika dzuwa likuswa mtengo, ochokera ku mikuntho ya kumwera kwenikweni cha ku Antarctica, atayenda masiku angapo. Ndipo akukula. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019, wogwiritsa ntchito masetilaiti, anapeza kuti pakati pa 1985 ndi 2018 mafunde akuluakulu a nyanja ya kumwerako anakwera ndi pafupifupi masentimita 30. Ndiye gombe limatha kudyeka chaka ndi chaka chifukwa cha mphepo imene eni ake sanaimvepo pakhungu. Kwathu kuno a m'nyanja yamchere safika, koma kachitidwe kake nkomweko, kungoti ife vuto lina ndi madzi. Munaona mu 2024 nyanja itakwera mmene inalowera m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi. Madzi akakwera chonchija, funde lomwe kale linkathera pamchenga limakagunda khoma.

Ndiye boti mukufuna kugulalo gulani, usodzi ndi umene watilera. Muzimvera machenjezo a zanyengo pa wailesi, ngakhale ife tsikulo sitinamve chenjezo lililonse. Mukaona funde lalitali likukwera pamchenga kunja kuli bata, musalowe. Koma ngati kunyumba kulibe ufa lowani ndithu, tonse timatero, bola musadzaze boti, ndipo pobwera polowa posaya funde likhale kumbuyo kwanu, osati m'mbali. Malaifi jaketi mugule musanagule injini, alovi anuwo ali ndi ana.