Kwa mphwanga amene akuti kuwerenga kumamuthera panjira

Eya, moni nonse pagulu pano. Mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti ukufuna kulembanso MSCE kuti ukonze Masamu ndi Biology, koma ukayamba kuwerenga changu chimakhala cha masiku atatu, kenako mabuku abwerera kunsi kwa bedi. Ndiye ukufunsa kuti anzako amene satopawa mphamvu amazitenga kuti. Ndikuyankhira pompano chifukwa azisuweni ako ena vuto lawo ndi lomweli, angoti ziii.

Changu chimenecho usachidalire, ndi moto wa mapesi. Chimayaka ukamva kuti mwana wa aneba wasankhidwa ku Mzuni, mawa lake phulusa. Anzakowo amatopa ngati iwe yemwe, koma anazolowera, basi. Ndipo kuzolowera kumayamba ndi kutchula zinthu zenizeni. Osati "ndiziwerenga kwambiri" ayi. Uziti "5 koloko m'mawa, patebulo la pabalaza, mafunso asanu a algebra." Usanagone tsegula buku pa tsamba lomwelo, ikapo cholembera ndi kope, juzi ikhale pampando. Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu mu June ndi July ukukudziwa. Ukadzuka n'kuyamba kusakasaka cholembera, bulangete lakuwina kale.

Pamene ambiri amagwera ndi apa. Amalemba ndandanda yokongola, maphunziro onse, maola anayi patsiku, n'kuimata pakhoma. Lachitatu akalephera kuikwanitsa amati "ine ndine waulesi" n'kusiya zonse. Iwe yamba ndi mphindi 30 zokha kwa masabata awiri. Zikuoneka zochepa, eti? Zikhale choncho dala, kuti ngakhale tsiku lomwe wachokera ku ganyu uli wefuwefu uzikwanitse. Masabata awiriwo akatha onjezera mphindi 15, kenako zinanso, mpaka ufike ola ndi theka m'mawa ndi ola limodzi madzulo.

Ndipo usamamvere zoti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Ofufuza a ku University College London atatsatira anthu omwe ankaphunzira chizolowezi chatsopano, anapeza kuti pakatikati zimatenga masiku 66, ena 18 okha, ena mpaka 254. Anaonanso kuti kudumphitsa tsiku limodzi sikugwetsa zonse. Choncho kukagwa maliro kapena wadwala, usadziweruze. Chongopewa ndi kudumphitsa masiku awiri otsatizana. Tsiku lovuta chita funso limodzi lokha, chonga pa kalendala, kagone.

Tsopano kawerengedwe kake, apa ndiye umvetsetse. Kuyang'ana manotsi kambirimbiri kumanamiza, umaona ngati ukudziwa chifukwa mawuwo wawazolowera m'maso. Werenga mutu umodzi, tseka buku, lemba papepala zonse zomwe ukukumbukira, kenako tsegula uone zomwe wasiya. Ngati ndi mtima wa munthu, ujambule wekha ndi zipinda zake zinayi osayang'ana. Mutu womwewo ubwererenso mawa lake, pakatha masiku atatu, ndi pakatha sabata. Loweruka lililonse tenga pepala la mayeso akale a MANEB, uike wotchi, ulembe ngati uli m'chipinda cha mayeso. Ukhalenso ndi kope lina la zolakwa zokhazokha: funso, pomwe unasokonezera, ndi njira yolondola. Kope limenelo ndi lomwe udzawerenge sabata yomaliza.

Pali mawu ena unanena, akuti "mutu wanga si wa Masamu." Amenewo ndakana. Mawu otere sakupatsa poyambira. Koma ukati "ma fractions sindinawamvetse ku Fomu 1," imeneyo ndi ntchito yoti ukhoza kuiyamba mawa. Ana ambiri ovutika ndi algebra muzu wake umakhala pomwepo, pa ma fractions ndi manambala a negative. Bwerera ku buku la Fomu 1 popanda manyazi, palibe akukuonera. Komanso dziwa chomwe ukuthamangira. Giredi 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, credit ndi 3 mpaka 6, ndipo mayunivesite aboma amafuna ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Ndiye nthawi yambiri ipite ku phunziro lomwe unapeza 7 kapena 8, osati lomwe umalikonda.

Foni, aaa, foni. Ikhale chipinda china nthawi yowerenga, ngakhale gulu lathu lino lidikire. Ngati ndiyo imakudzutsa, uziisiya patali ndi bedi kuti uchite kudzuka pokaizimitsa. Nyali ya sola uzitchaja masana kuti magetsi akazima pasakhale chonamizira. Pakhomo pakakhala phokoso, pita ku National Library m'tauni muja. Mnzako wowerenga naye akhale mmodzi, wolimbikira, muzichongerana mapepala. Mukakhala asanu mumathera pa nkhani za mpira.

Sabata ino upite kusukulu yomwe ukufuna kulembera ukafunse za kulembetsa ndi tsiku lomaliza kulipira, usamve za m'maluwa. Ndiye Lamulungu madzulo unditumizire chithunzi cha kalendala ija ndi tsamba loyamba la kope la zolakwa. Achemwali, mayi ake, chonde m'mawa musamamutume madzi isanakwane hafu pasiti faifi.