Corolla yomwe mwagula kumene ikutentha: musafulumire kumasula injini

Funso latifika pa imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chilenje. Agula Toyota Corolla ya 2004, ya otomatiki, ya injini ya 1NZ, kwa munthu amene wayenda nayo zaka zambiri muno mu Lusaka. Alemba motere: "Ndikaima pamzere wa magalimoto mu Great East Road muvi wa kutentha umakwera, koma ndikayamba kuthamanga umatsika. Pamaroboti galimoto imanjenjemera, ndipo kutsogolo kumagogoda ndikagunda dzenje. Makaniki akuti injini yatha, tiyimasule yonse. Ndiyambire pati?"

Bambo, injiniyo isakhudzidwe kaye. Mwatchula mavuto atatu osiyana, ndipo palibe limodzi mwa iwo limene palokha likusonyeza kuti injini yatha. Limene lingaiphe ndi kutenthako, choncho ndalama yoyamba ipite kumeneko.

Galimoto yotentha ikaima n'kuzizira ikathamanga nthawi zambiri imakhala kuti ikusowa mphepo pa radiyeta. Pothamanga mphepo imalowa yokha; mukaima, ntchito yonse imatsalira fani. Lizani injini, yatsani AC, muyang'ane kumbuyo kwa radiyeta. Fani iyenera kuzungulira. Ngati ili duu, onani fyuzi ndi relay yake m'kabokosi kakuda ka pafupi ndi batire. Zikakhala bwino, wamagetsi alumikize mota ya fani ku batire mwachindunji. Ikapanda kuzungulira kapena ikamazungulira mwaulesi, motayo ndiye yatha. Onaninso timapiko ta radiyeta ndi ta AC kutsogolo kwake. Fumbi, udzu ndi matope a m'dzinja zimatseka, ndipo zimachoka ndi madzi a paipi opanda mphamvu kwambiri, kuthira kuchokera mbali ya injini.

Kenaka m'mawa, injini isanalire, tsegulani chivindikiro cha radiyeta. Ikakhala yotentha musayerekeze, madziwo amawaula nkhope. Mukapeza madzi a dzimbiri, n'kutheka kuti mwini wakale ankathira a pampopi. Madzi a m'zitsime ndi m'mabohole a Lusaka amachokera m'miyala ya laimu, ndipo zoyera zimene zimakanirira m'ketulo kunyumba ndi zomwezo zimatseka timipope ta radiyeta. Itsukidwe, ndipo ngati yatsekeka kwambiri isinthidwe. Thirani coolant yofiira, theka coolant theka madzi a batire (distilled water, osati asidi), pokhapokha ngati pachigubu palembedwa kuti ndi yosakaniza kale. Chivindikirocho gulani chatsopano, cha nambala yofanana ndi yolembedwa pamwamba pa chakale. Ambiri amachipeputsa, komatu Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, pamene madzi amawira pa madigiri 96 osati 100. Chivindikiro chimene rabala yake yatha sichisunga mpweya, ndiye madzi amawira msanga n'kutayikira kunja.

Funsaninso ngati thermostat ilimo, kavalavu kamene kamatsegulira madzi njira yopita ku radiyeta injini ikafunda. Amakaniki ena amaichotsa n'kunena kuti kuno kumatentha, ndi ya kumayiko ozizira. Sitigwirizana nazo mpang'ono pomwe. Ya injini iyi imatseguka pa madigiri pafupifupi 82. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, ndipo vuto lenileni limangobisika. Ibwezeretsedwe.

Pali chinthu chimodzi chimene chingapereke mphamvu ku mawu a makaniki wanu: head gasket, chomatira cha pakati pa hedi (mbali ya pamwamba ya injini) ndi thunthu la injini, ngati galimotoyo inawirapo kale kwa mwini woyamba. Zizindikiro zake n'zoonekeratu. Thovu limatuluka mosalekeza pakhosi pa radiyeta injini ikangolira kumene, madzi amachepa popanda podontha, utsi woyera sutha ngakhale injini yafunda, ndipo nthawi zina oilo amaoneka ngati wasakanikira ndi mkaka. Uzani makaniki apime compression (mphamvu yopanikiza mpweya) ya masilinda onse anayi inu mukuona, alembe manambala papepala. Asasiyane kuposa bar imodzi. Akafanana, ndipo zizindikiro zija palibe, nkhani yomasula injini yathera pomwepo. Ngakhale gasket itapezeka yopsa, ntchito yake ndi ya pamwamba pokha: kuchotsa hedi, kuipimitsa ngati yapindika, kuika gasket yatsopano.

Tsopano kunjenjemera. Injini ya 1NZ ili ndi koilo, kachipangizo kopereka moto, pa pulagi iliyonse. Masulani makoilo muyang'ane m'mabowo. Mukapeza oilo, rabala ya chivindikiro cha pamwamba pa injini yauma, ndipo oiloyo amawononga koilo. Mapulagi sinthani onse anayi, a Denso kapena NGK, mpata wake mamilimita 1.1. Abodza ndi ambiri pamsika, choncho gulani m'shopu yopereka lisiti. Ngati getsi la check engine layaka, makina owerengera nambala za mavuto a galimoto alumikizidwe pansi pa dashibodi. Timakina totchipa nthawi zina sitiwerenga magalimoto opangidwira msika wa ku Japan, ndiye pitani kwa amene ali ndi oyenera. Nambala P0301 mpaka P0304 zimatchula silinda imene ikuphonya moto. Musagule makoilo anayi. Sunthani koilo ya silinda yotchulidwayo muiike pa ina, mufufute nambala, muyende pang'ono. Vuto likasamuka ndi koilo, gulani imodzi yokhayo.

P0171 imatanthauza mpweya wochuluka, petulo wochepa. Kawirikawiri ndi MAF sensor (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini) yakuda ndi fumbi, kapena paipi ya mpweya yong'ambika pakati pa fyuluta ndi injini. Sensayo itsukidwe ndi sipule yake yokha, osakhudza kawaya ka m'kati ndi chala kapena nsalu. Throttle body, khomo lolowera mpweya mu injini, nayo ipukutidwe, fyuluta ya mpweya isinthidwe. Ngati injini ikulira bwino pa P ndi N koma galimoto imagwedezeka mukaika pa D, onani marabala amene injini imakhalapo.

Ngati getsi la check engine siliyaka n'komwe mukatembenuza kiyi injini isanalire, mwina wina analichotsa kuti agulitse galimoto. Libwezeretsedwe.

Kugogoda kwa kutsogolo sikuchedwa kupezeka. Kwezani galimoto, ikhale pazochirikiza zachitsulo, osati pajeke yokha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze: kukhwepa kumeneko ndi ball joint kapena bearing. Gwirani kumanja ndi kumanzere: ndi tie rod end kapena rack end. Zonse zikakhala zolimba, kawirikawiri wolakwa ndi stabiliser link, kachitsulo kotchipa, kapena mabushi. Ball joint yokhwepa isadikire mapeto a mwezi, chifukwa ikazuka tayala limapindikira m'kati galimoto ikuyenda, ndiponso fitness ya RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, simungadutse nayo. Mukasintha tie rod kapena rack end, pitani ku alignment tsiku lomwelo.

Makilomita a pa dashibodi musawadalire, ndipo tengani kuti sevisi sinachitike. Oilo ndi malita 3.7 pamodzi ndi fyuluta, 5W-30 kapena 10W-40 ngati injini yayenda kwambiri. Giyabokisi imafuna oilo wakewake, ATF ya T-IV. Tsitsani wakale, mumuyeze, mubwezere watsopano wochuluka chimodzimodzi. Osaipopa ndi makina ngati mbiri yake simukuidziwa. Mafuta a mabuleki ndi DOT 3, ndipo amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018, ndipo tayala lotero lakalamba ngakhale mizere yake ikuoneka. Wina akakulipiritsani timing belt, kanani. Injini ya 1NZ imayendera tcheni.

Mpaka fani itakonzedwa, muvi ukangodutsa pakati patukani, zimitsani injini, mudikire izizire musanapitirize ulendo.