Akumwa mapiritsi a ayironi koma magazi sakukwera

Funso: Mayi anga akhala akudwala nyamakazi yotupitsa m'malo olumikizira mafupa kwa zaka zambiri, ndipo kuchipatala anawapeza ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mapiritsi a ayironi amamwa mosadumphitsa, koma sizikusintha. Ndamva kuti pali mankhwala otsekereza homoni ina ya m'chiwindi. Kodi angawathandize? Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Homoni imene mukunenayo ndi hepcidin, yomwe inadziwika m'zaka za 2000 ndi 2001. Thupi likamalimbana ndi matenda okhalitsa monga nyamakazi, TB, khansa kapena matenda a impso, chiwindi chimaitulutsa yochuluka. Mu 2004 asayansi anaonetsa kuti hepcidin imawononga ferroportin, khomo limene ayironi amadutsira pochoka m'matumbo ndiponso m'maselo amene amamusunga kuti alowe m'magazi. Chotero ayironi m'thupi la mayi anu akhoza kukhala alimo ndithu, koma ali ngati chimanga chodzaza m'nkhokwe imene yakhomedwa, ndipo wa m'mapiritsiyo wambiri amangodutsa osayamwidwa.

Mankhwala ogwira hepcidin mwachindunji, monga lexaptepid wa ku Germany, anayesedwa pa anthu, koma sanavomerezedwe kuti azigwiritsidwa ntchito m'zipatala. Momelotinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, amachepetsadi hepcidin, koma ndi wa odwala myelofibrosis, matenda a mafuta a m'mafupa, osati nyamakazi.

Pali chifukwa chachikulu chimene asayansi akuyendera mosamala, ndipo kwa ife kuno nchofunika kwambiri. Thupi limabisa ayironi pofuna kumana tizilombo toyambitsa matenda, popeza nato timamufuna kuti tichulukane. Kafukufuku wa pachilumba cha Pemba ku Tanzania, amene anafalitsidwa mu 2006, anapeza kuti ana opatsidwa ayironi m'dera la malungo ankagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira kuposa anzawo. Ine ndikuona kuti kutsegula khomoli mwa munthu amene ali ndi malungo kapena TB yosachiritsidwa kungakhale kumuika pachiswe.

Chonde musawonjezere mapiritsi panokha. Pitani nawo mayi kwa dokotala, mukapemphe kuti awayeze ferritin (puloteni yosonyeza kuchuluka kwa ayironi wosungidwa m'thupi) pamodzi ndi CRP (puloteni yosonyeza ngati m'thupi muli kutupa), poti ferritin amakwera pakakhala kutupa ngakhale ayironi atachepa, ndipo aonenso ngati sakutaya magazi m'mimba chifukwa cha mankhwala opha ululu monga ibuprofen kapena diclofenac. Nyamakaziyo ikagonja ndi mankhwala oyenera, hepcidin imatsika yokha ndipo nthawi zambiri magazi amayamba kukwera. Ngati ayironi wachepadi, dokotala angasankhe kuwapatsa wa mudiripi, amene sadutsa m'matumbo.