Achemwali a ku Turffontein, vuto la m'mbali modulikamo lili mu TV, musagule chingwe china

Achemwali, mwafunsa kuti mukalumikiza laputopu ku TV yanu ya mainchesi 43 ndi chingwe cha HDMI, chithunzi chikumadulika m'mbali monse: mzere wapansi wokhala ndi batani la Start sukuoneka, ka X kotsekera kabisala, ndipo mukamaonetsa anzanu a chipereganyu ndalama pa Excel maina akumanzere akumadyeka. Ndaona ena akuti chingwe ndi chabodza, ena akuti muitane wokonza ma TV. Chonde musawononge ndalama ya taxi kupita ku Small Street kapena ku China Mall. Chingwe chikakhala choipa chithunzi chimathimathima, chimachita timadontho toyera, kapena sichibwera n'komwe. Sichidula m'mbali mofanana chonchi. TV yanu ndi yabwinobwino, laputopu nayonso ilibe mlandu.

Chikuchitikacho amachitcha overscan, ndipo ndi chizolowezi chotsalira ku ma TV akale achimsana aja. Ma TV amenewo sankaonetsa chithunzi molingana ndendende, choncho ankachikulitsa pang'ono n'kubisa zam'mphepete kuseri kwa felemu, ndipo a nyumba zoulutsira kanema ankadziwa kuti asaike chofunika m'mphepetemo, ngati mmene telala amasiyira nsalu ya mpendero. Ma TV ambiri a masiku ano akuchitabe zomwezo, amataya pafupifupi 5 peresenti ya chithunzi. Poonera mpira pa DStv simungazindikire. Koma kompyuta imaika zinthu zofunika m'mphepete momwemo, n'chifukwa chake mwaziona msanga.

Yambani ndi rimoti ya TV, osati kompyuta. Laputopu ikhale yolumikiza ndipo ikuoneka pa TV, chifukwa TV zambiri zimasunga ma setting a doko (polowetsa chingwe) lililonse la HDMI paokha. Mukasintha muli pa dekoda simunakonze kanthu. Lowani mu Picture mufufuze pamene pakunena za kukula kwa chithunzi. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake. Pa Samsung ndi "Fit to Screen" mkati mwa Picture Size, zakale zimati "Screen Fit". Pa LG ndi "Just Scan" mkati mwa Aspect Ratio, muiike pa On. Pa Sony pitani ku Screen, kenako Display Area, musankhe "Full Pixel". Pa Hisense, zomwe zili mbwee m'nyumba zathu kuno ku Johannesburg, fufuzani mawu akuti Overscan muzimitse. Pa mitundu ina mungapeze "Dot by Dot", "1:1" kapena "Native". Kusankha 16:9 pakokha sikukwanira, chifukwa pa TV zambiri 16:9 imadulabe m'mbali. Zoom ndi Wide musazigwire n'komwe.

Mukapeza kuti setting imeneyi yatuwa, sikudinika, pali njira ina imene ine ndimaikonda kuposa zonse. Dinani Source kapena Input pa rimoti, muloze doko lomwe mwalowetsa laputopu, musinthe dzina kapena chizindikiro chake kukhala "PC". Pa Samsung ndi LG zimenezi zimauza TV kuti ikulandira kompyuta, ndiye imaleka kukulitsa chithunzi, imalekanso kukongoletsa kuja komwe kumachititsa zilembo kuoneka ngati zili ndi mithunzi. Yang'ananinso kumbuyo kwa TV: zina zili ndi doko lolembedwa HDMI/DVI kapena PC, limenelo ndiye loyenera.

Tsopano ku laputopu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Dinani batani la Windows limodzi ndi P. Mukakhala pa Duplicate, masikirini awiriwo amakakamizidwa kugwiritsa ntchito resolution imodzi (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), ndipo malaputopu ambiri otsika mtengo ndi a 1366 x 768 pomwe TV yanu ikhoza kukhala ya 1920 x 1080. Sankhani Extend kapena Second screen only kuti TV ilandire muyeso wakewake. Kenako pitani ku Settings, System, Display, mudine sikirini ya nambala 2, musankhe resolution yolembedwa Recommended. Mu Advanced display onani kuti ili pa 60Hz kapena 50Hz, ndipo musasankhe yolembedwa interlaced. Pamenepo palinso Scale, ya 100, 125 kapena 150 peresenti ija. Imeneyo imangokulitsa zilembo ndi zizindikiro, sikhudza m'mbali, ndiye musataye nayo nthawi.

Kwa enanu amene mukuwerenga muli ndi TV za mainchesi 32 zolembedwa HD Ready: zambiri mwa zimenezo galasi lake lenileni ndi la 1366 x 768 ngakhale zimavomera kulandira 1080. Yesani 1366 x 768 kapena 1360 x 768, nthawi zambiri m'mbali mumabwerera ndipo zilembo zimawerengeka bwino. Amene mukugwiritsa ntchito chingwe cha VGA, chamutu wabuluu chija, lanu ndi losavuta: fufuzani Auto Adjust mu menu ya TV.

Zikakanika zonsezi, ndiye pamene mungauze kompyuta kuti ichepetse chithunzi isanachitumize. Ngati kachipangizo koyendetsa zithunzi mu laputopu yanu ndi ka kampani ya Intel, tsegulani Intel Graphics Command Center, pa Display, pa Scale musankhe Custom, muzikoka timizere tiwiri mpaka m'mbali mutaoneka. Ya Nvidia, mu Nvidia Control Panel muli "Adjust desktop size and position", mudine Size kenako Resize. Ya AMD ili ndi "HDMI Scaling" pansi pa Display. Njirayi imagwira ntchito, koma ndaiika kumapeto dala. Kompyuta imachepetsa chithunzi, tinene kufika pa 1824 x 1026, TV n'kuchikulitsanso, ndiye kadontho kalikonse sikagweranso pamalo pake ndipo zilembo zimachita chimbuuzi. Pa filimu zilibe kanthu. Koma inu mukuonetsa ndalama za anthu, ndipo 3 ikamaoneka ngati 8 kwa amayi amene akhala kumbuyo, mkangano suchedwa. Komanso mukadzabweretsa laputopu ina muyenera kuyambiranso, pomwe mukakonza mu TV mwakonzera aliyense amene adzalumikize padokopo.

Chinthu chinanso, makamaka ngati TV yanu munagula yogwiritsidwapo kale ntchito kapena inali yoonetsera m'sitolo: onani ngati ili pa Store Mode kapena Retail Mode. Ikakhala pamenepo imabwezeretsa yokha ma setting a chithunzi, inu n'kumadabwa kuti munakonza dzulo lero zabwereranso. Iikeni pa Home Mode mu General kapena System, kenako mukonze overscan ija.

Mukasowa pomwe pali setting yanu, jambulani pepala lomatidwa kumbuyo kwa TV pomwe pali nambala ya model, mujambulenso menu ya Picture, muike zithunzizo pansi pano. Ndikulozerani podina msonkhano wanu usanafike.