Funsani Mmisiri: Mwana wanga amangokhalira kumasula mainveta

Funso: Bambo Mmisiri, ine ndimagulitsa usipa pamsika wa Kamuzu Road kuno ku Salima. Mnyamata wanga walemba MSCE chaka chino, koma mtima wake uli pa mawaya. Inveta ya sola ikapsa kwa aneba, amaitana iyeyo. Akuti akufuna kukaphunzira power electronics. Kodi imeneyi ndi sukulu yoti munthu n'kulemekezeka nayo, kapena ndi kukonza mawailesi basi? Nanga mphunzitsi wabwino wa zimenezi tingamudziwe bwanji? Ndine mayi wa ku Salima.

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Mukadzadutsa ku Nanjoka, kwanu komweko, mudzaone munda wa mapanelo a sola wa kampani ya JCM, womwe unatsegulidwa mu 2021 ndipo umatulutsa ma megawati 60. Magetsi ochokera m'mapanelo ndi a DC, ngati a batire. A ESCOM amatibweretsera a AC, ma voti 230. Chimene chimasandutsa a DC kukhala a AC ndi inveta, mkulu wake wa kaja amamasula mwana wanu. M'kati mwake muli timaswichi tosaoneka kuti tikugwira ntchito, totseka ndi kutsegula kambirimbiri pa sekondi imodzi. Maphunziro amene akunenawo ndi omwewa.

Za ulemu, ulipo. Kamodzi mwa timaswichi timeneti, kotchedwa IGBT, anakatulukira ndi B. Jayant Baliga akugwira ntchito ku kampani ya General Electric ku America. Kenako anakakhala mphunzitsi pa North Carolina State University, ndipo mu 2024 dziko la Finland linamupatsa Millennium Technology Prize, ya ma yuro 1 miliyoni. Bungwe la mainjiniya la IEEE nalonso limapereka mphoto ya William E. Newell kwa akatswiri a ntchitoyi.

Koma mphoto zimenezo zili kutali ndi Kamuzu Road. Ine mphunzitsi wabwino ndimamudziwira pa benchi. Amene anandiphunzitsa ine anabwera tsiku lina ndi inveta yakupsa, fungo lake ngati la pulasitiki ya pamoto, n'kuiika patsogolo pathu. Tonse tinaloza ma MOSFET, mtundu wina wa timaswichi tija, omwe anali atang'ambika, tikusangalala kuti tapeza vuto. Ndinasintha onse ndekha, kuyatsa, phuu! Atsopanowo anapsanso, utsi tolo. Iwo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Chinawapha oyambawo n'chiyani?" Tinatha masiku awiri tikuyeza. Vuto linali kachipangizo kakang'ono kowalamula, komwe kankayatsa ma MOSFET a mbali zonse ziwiri nthawi imodzi m'malo mowasinthanitsa. Mpaka lero ndikamva fungo lija ndimayamba ndayeza kaye.

Mphunzitsi wongolemba pa bolodi, ophunzira ake osagwirako oscilloscope (makina oonetsa kayendedwe ka magetsi pa sikirini) chaka chonse, ameneyo ngakhale akhale ndi masatifiketi khoma lonse, ine sindingamutumizire mwana wanga. Mwina ena andikwiyira, koma ndanena.

Njira zilipo ziwiri. Ngati masamu ndi fizikisi wakhoza bwino, ayesere uinjiniya wa zamagetsi ku MUBAS ku Blantyre, yomwe ife akale timaitchabe Poly, kapena za mphamvu zongowonjezereka, monga za dzuwa, ku Mzuni. Masamu asawathawe, chifukwa wokonza inveta ndi wopanga inveta amasiyana pomwepo. Ngati mapointi sanafike, sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA zilipo, ndipo Salima Technical College muli nayo pakhomo. Akadzafuna kumaika magetsi m'nyumba za anthu, adzatenge chiphaso cha MERA.

Musanalipire fizi kulikonse, pitani naye mukaone wekishopu, mufunse ophunzira kuti anagwira liti zipangizo komaliza.

Chinanso, mumuuze mnyamatayo lero lomwe: makapasita akuluakulu a mu inveta amasunga magetsi ngakhale batire atachotsa. Aziyeza ndi mita asanalowetse chala.