Phunziro la ndalama liyambe sabata yomwe ndalamazo zalowa

FUNSO: Ndimaphunzitsa pakoleji, ndipo akuluakulu andipatsa ntchito yophunzitsa ophunzira a chaka choyamba kasamalidwe ka ndalama. Ambiri amalandira ndalama za semesita yonse nthawi imodzi, koma pofika pakati pa semesita amakhala atayamba kale kukongola. Ndiyambire pati? (Mphunzitsi)

YANKHO: Aphunzitsi, yambani ndi kusankha nthawi yoyenera. Kafukufuku wa Fernandes, Lynch ndi Netemeyer wa mu 2014 anapeza kuti mphamvu ya maphunziro a ndalama imazilala miyezi ikamapita. Choncho phunziro lanu lichitike sabata yomwe ndalama zalowa, zisanayambe kuuluka.

Wophunzira aliyense alembe ndalama zenizeni zomwe walandira. Achotsepo zosathawika: lendi, fizi yotsala, mabuku ndi thiransipoti yobwerera kwawo potsekera, yomwe ambiri amaiiwala mpaka tsiku lomanga katundu. Pa zotsalazo apatule 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi monga matenda kapena foni kuwonongeka, kenaka agawe zinazo ndi chiwerengero cha masabata. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amawerenga masabata a m'kalasi okha, kusiya a mayeso, pomwe nthawi imeneyo ndi yomwe kusindikiza manotsi ndi kugula data kumadya ndalama kwambiri. Ngati makalasi ndi masabata 14 ndipo mayeso ndi awiri, agawe ndi 16.

Ndalama zikulu zikhale mu akaunti ina, ndipo Lolemba lililonse azisamutsa za sabata imeneyo basi. Ayambe waona kaye zomwe banki kapena kampani ya foni imadula akamatapa, chifukwa kutapa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumatha kudula kuposa kutapa kamodzi.

Kwa masiku 14 azilemba chilichonse chomwe wagula nthawi yomweyo, asadikire madzulo poti zing'onozing'ono zimaiwalika. Chonde musawauze kuti awerenge zolembazi pamaso pa anzawo. Wosauka amachita manyazi, wolemera amabisa, ndipo mumatsala ndi manambala abodza. Muzikambirana nawo mmodzimmodzi.

FUNSO: Mwana wanga wa kukoleji wakongola ndalama kudzera pa app ya pafoni. Akuti chiwongoladzanja chake ndi 20 peresenti chabe. Ndimubwezere ngongoleyo? (Mayi wodandaula)

YANKHO: Mayi, mufunseni kaye ngati 20 peresentiyo ndi ya pamwezi kapena ya pachaka. Ngati ndi ya pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chosalipidwa chikuwonjezedwa pangongole, 100 imakhala 120 mwezi woyamba, 144 wachiwiri, ndipo pofika wachisanu ndi chimodzi yayandikira 300. Masamu amenewa awachite yekha papepala inu muli pompo, kuti aone ndi maso ake.

Ngati mungakwanitse, bwezani msanga, chifukwa ngongole yotere ikachedwa imabweranso ndi zilango. Koma mulipire mwachindunji kwa obwereketsawo, mutaona umboni wa ngongole yonse, ndipo mumufunse ngati pali ina, poti ambiri amakongola kwina kuti atseke kwina. Zikakhala zingapo, yambani ndi ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri. Semesita yotsatira muzimutumizira ndalama sabata ndi sabata, mpaka atakuonetsani bajeti yolembedwa yomwe waitsatira mwezi wathunthu.